James White, Mtumiki Amene Anadzimana Tulo

Tisanayambe mbiri iyi, tiyeni titsegule Mabaibulo athu ndi kuwerenga mofatsa Masalmo 127:1, 2 ndi Marko 6:30-32.

Buku la maphunziro limene timatsegula m'mawa wa Sabata lili lonse lili ndi chiyambi chake. M'chaka cha 1852 Mbusa James White ndi akazi awo anali pa ulendo wa pa ngolo ya kavalo, kuchokera ku Rochester m'chigawo cha New York kupita ku Maine, m'dziko la United States. Akaima masana kuti kavalo adye msipu, a White ankatenga bokosi la kamba kapena chipewa chawo, nkuikapo pepala, nkuyamba kulemba. Ena mwa maphunziro oyambirira a Sukulu ya Sabata analembedwa motero, ndipo anatuluka mu The Youth's Instructor, nyuzipepala ya achinyamata imene inayamba mu Ogasiti chaka chomwecho. Nkhani imeneyi timaikonda chifukwa imatisonyeza changu cha makolo athu a m'chikhulupiriro. Koma tikaiyang'anitsitsa tiona kuti pa nthawi imene kavalo ankapuma, mwini wake sankapuma. Munthu amene anathandiza anthu zikwi zambiri kuzindikira mpumulo wa tsiku lachisanu ndi chiwiri anavutika moyo wake wonse kulandira mpumulo umene Mulungu amapereka usiku uli wonse.

Njala ya Maphunziro

James Springer White anabadwa pa 4 Ogasiti 1821 ku Palmyra, m'chigawo cha Maine, ndipo anali wachisanu m'banja la ana asanu ndi anayi. Ali wamng'ono anadwala kwambiri, ndipo nthendayo inamusiyira vuto la maso kotero kuti sankatha kuwerenga. Anzake ali ku sukulu, iye ankalima m'munda wa atate ake. Maso ake atayamba kuona bwino analowa sukulu ali ndi zaka 19, nakhala pakati pa ana aang'ono kwa iye. Patatha masabata 12 okha analandira chikalata chomulola kuphunzitsa. Maphunziro ake onse a m'kalasi, moyo wake wonse, anakwana masabata 29.

Mnyamatayu ankadziona ngati wotsalira m'mbuyo, ndipo anatsimikiza mtima kupeza anzake mwa kuba nthawi ya usiku. Inalipo nyengo imene ankakhala pa mabuku maola 18 pa tsiku. Njira imeneyi inampindulira, pakuti anakhala mphunzitsi, mlaliki ndi mlembi waluso. Komabe inamphunzitsanso chinthu choopsa, chakuti tulo ndi nkhokwe imene munthu angatapemo pamene nthawi yamuchepera. Chizolowezi chimene munthu wachiphunzira pa unyamata, makamaka ngati chinampatsa chipambano, chimavuta kuchitaya pa ukulu.

M'chaka cha 1842 analandira uthenga wa kubweranso kwa Yesu umene William Miller ankalalikira, nasiya sukulu, nabwereka kavalo, nayamba kuyenda m'midzi ya Maine m'nyengo ya chisanu choopsa. Anadzozedwa ubusa mu 1843. Anali m'gulu la okhulupirira amene anadikira Ambuye pa 22 Okutobala 1844, nalira pamodzi nawo pa kukhumudwa kwakukulu kuja. Pa 30 Ogasiti 1846 anakwatira Ellen Harmon, ndipo chaka chomwecho awiriwa anayamba kusunga Sabata atawerenga kabuku ka Joseph Bates.

Nyali Yoyaka Mpaka Mbandakucha

Zaka zoyamba za banjali zinali za umphawi. A White ananyamula miyala pa ntchito yomanga njanji, anadula nkhuni m'nkhalango, ndipo anamweta udzu m'minda ya anthu kuti apeze ndalama zoyendera ku misonkhano ya abale. Mu Julayi 1849 anatulutsa nyuzipepala yoyamba, The Present Truth. Kuchokera ku Rocky Hill kumene ankakhala kukafika kwa wosindikiza ku Middletown, m'chigawo cha Connecticut, panali mtunda wa makilomita 13, ndipo ankauyenda pansi kupita ndi kubwera, ngakhale kuti mwendo wina unali wolumala chifukwa cha bala la pa unyamata.

Mu Novembala 1850, ku Paris m'chigawo cha Maine, anayambitsa nyuzipepala imene inadziwika ndi dzina la Review and Herald, imene lero ikutchedwa Adventist Review. Kumeneko a White ndi akazi awo ankakhala pa nyali mpaka pakati pa usiku, nthawi zina mpaka 2 koloko kapena 3 koloko ya mbandakucha, akuwerenga ndi kukonza zolakwika m'mapepala asanapite kosindikiza. Chakudya chawo chinali chochepa ndi chosapatsa mphamvu. Atasamukira ku Rochester mu 1852, nyumba imodzi inali pogona, posindikizira ndi popemphereramo. Mng'ono wawo Nathaniel ndi mlongo wawo Anna anamwalira ku Rochester komweko ndi chifuwa chachikulu, ndipo pofika 1855 a White nawonso anali atafooka, akutsokomola, ali m'ngongole, kotero kuti ambiri ankaganiza kuti awatsatira kumanda. Abale a ku Michigan anaona zimenezi, nasamutsira ntchito yosindikiza ku Battle Creek kuti awapeputse katundu.

M'chaka chomwecho cha 1855 kunachitika chinthu choyenera kuchisunga m'mtima. Kufikira nthawi imeneyo ambiri mwa okhulupirira ankayamba Sabata pa 6 koloko madzulo. Mbale J. N. Andrews atasanthula Malemba, anasonyeza kuti Sabata limayamba pa kulowa kwa dzuwa (Levitiko 23:32, Marko 1:32), ndipo abale anavomereza. Kuyambira pamenepo anthu a Mulungu anaphunzira kuyang'ana kumadzulo Lachisanu lili lonse ndi kuika zida pansi. Koma dzuwa limalowa kasanu ndi kawiri pa sabata, ndipo pa masiku asanu ndi limodzi enawo nyali ya a White inkapitirira kuyaka.

Madzulo ndi M'mawa

Kodi Baibulo limati chiyani za usiku? Pa Genesis 1:3-5 ntchito yoyamba ya Mlengi pa dziko lathu inali kulekanitsa kuunika ndi mdima ndi kuzipatsa maina. Tsiku lili lonse la chilengedwe likuwerengedwa kuyambira madzulo, kenaka m'mawa. M'kawerengedwe ka Mulungu tsiku limayamba pamene munthu akuweruka. Timagona, ndipo pamene sitidziwa kanthu Iye akusunga dziko, akumeretsa mbewu, akutumiza mame. Tikadzuka timalowa m'ntchito imene Iye waiyamba kale. Masalmo 104:19-23 akusonyeza kuti mdima unapatsidwa kwa zilombo za m'thengo, ndipo dzuwa likatuluka izo zimabwerera ku mapanga, munthu nkutuluka kukagwira ntchito yake kufikira madzulo. Masalmo 121:3, 4 akutikumbutsa kuti alipo Mmodzi yekha wosaodzera ndi wosagona, ndiye Msungi wa Israyeli.

Zimene Malemba ananena kalekale, ofufuza za thupi azipeza zolembedwa m'mnofu mwathu. Mu 1729 munthu wina wa ku France, Jean-Jacques de Mairan, anaika chomera china m'chipinda cha mdima, naona kuti masamba ake ankatsegukabe masana ndi kutsekeka usiku ngakhale sichinkaona dzuwa. Mu 1972 kunadziwika kuti mkati mwa ubongo, pamwamba pa malo amene mitsempha ya maso imapingasana, muli kachigawo kakang'ono kamene kamagwira ntchito ngati wotchi ya thupi lonse. Wotchi imeneyi imazungulira pafupifupi maola 24, ndipo kuwala kolowa m'maso m'mawa ndiko kumaikonza kuti iyende pamodzi ndi dzuwa. Kukada, ubongo umatulutsa timadzi totchedwa melatonin, timene tinadziwika mu 1958, ndipo timeneti timauza thupi kuti usiku wafika. Kuwala kwamphamvu kwa usiku kumachedwetsa timadzi timeneti. Munthu akagona, mtima umagunda pang'onopang'ono, kuthamanga kwa magazi kumatsika, thupi limazizirirapo, ziwalo zotopa zimakonzedwa, ndipo ubongo umasanja zimene waphunzira masana. Kukamacha, timadzi tina timakwera kuti timdzutse. Mu 2017 akatswiri atatu, Jeffrey Hall, Michael Rosbash ndi Michael Young, analandira mphoto ya Nobel chifukwa chofotokoza mmene wotchi imeneyi imayendera mkati mwa tizigawo ting'onoting'ono ta thupi.

Lero madokotala amalangiza kuti munthu wamkulu azigona maola osachepera 7 usiku uli wonse, ndipo ana ndi achinyamata amafunika ochulukirapo. Amatiuzanso kuti kusagona mokwanira kwa nthawi yaitali kumayendera limodzi ndi kuthamanga kwa magazi, matenda a shuga, matenda a mtima, sitiroko, ndi kupsa mtima msanga. A White sanamvepo za melatonin. Koma anali ndi Masalmo 127, amene amanena poyera kuti kulawirira ndi kugona mochedwa, nkumadya chakudya cha nkhawa, nkwachabe, popeza tulo ndi mphatso ya Yehova kwa okondedwa ake.

Chenjezo ndi Kugwa

Mu Meyi 1863 mpingo unakhazikitsa General Conference, uli ndi mamembala pafupifupi 3,500. Abale anasankha a White kuti akhale pulezidenti, koma iwo anakana, poopa kuti anthu angaganize kuti analimbikira dongosolo la mpingo pofuna udindo, ndipo John Byington ndiye anasankhidwa. Patangopita masabata ochepa, madzulo a Lachisanu lina mu Juni, pa pemphero lotsegulira Sabata ku Otsego m'chigawo cha Michigan, Mayi White analandira masomphenya a za umoyo. Kawirikawiri tikamakumbukira masomphenya amenewa timanena za chakudya, madzi, mpweya wabwino, fodya ndi mowa. Timaiwala kuti mbali ina ya uthengawo inali yolunjika ku banja la a White lenilenilo: anauzidwa kuti kusamala thanzi ndi udindo wopatulika, kuti anadzilemetsa kupyola mphamvu zawo, ndi kuti kudziletsa kumakhudzanso kagwiridwe ka ntchito.

Banjali linasintha kadyedwe kake. Kusintha kagwiridwe ka ntchito kunavuta koposa. Dziko linali pa nkhondo yapachiweniweni, ndipo a White ankasonkhanitsa ndalama ndi kulemba makalata pofuna kuthandiza abale amene ankaitanidwa ku usilikali. Mu Disembala 1863 mwana wawo woyamba, Henry, anamwalira ali ndi zaka 16. Mu Meyi 1865 anavomera kukhala pulezidenti wa General Conference, pamwamba pa udindo wotsogolera ntchito yosindikiza. Pomwepo anapita ku Wisconsin ndi ku Iowa, kumene atsogoleri awiri ankagawa mpingo. Anayenda maulendo ataliatali, akulalikira masana ndi kutaya tulo usiku, ndipo atabwerera kwawo anapitanso ku msonkhano wina asanapume.

M'mawa wa pa 16 Ogasiti 1865, akuyenda ndi akazi awo, analowa m'dimba la mbale wina naima kuti aone ngala ya chimanga. Mwadzidzidzi dzanja lawo lamanja linagwa lopanda mphamvu, ndipo lilime linalemera. Inali sitiroko. Anali ndi zaka 44. Matenda amenewa ali ndi zifukwa zambiri, ndipo si onse owadwala amene anadzibweretsera okha. Koma a White eni ake, akazi awo ndi abale anavomereza kuti kugwira ntchito mopyola muyeso ndiko kunawagwetsa. Akuluakulu amati chakudza sichiyimba ng'oma, koma apa ng'oma inalira ku Rochester, inaliranso ku Otsego. Munthu amene ankaona kuti sangasiye ntchito usiku umodzi anaisiya kwa nthawi yoposa chaka chathunthu.

Mankhwala a Dzuwa ndi Thukuta

Mu Seputembala 1865 anawatengera ku Dansville, m'chigawo cha New York, ku chipatala cha Dr. James Caleb Jackson, kumene ankachiritsa ndi madzi, chakudya chosavuta ndi kupuma. Kumeneko kunaoneka chinthu chomvetsa chisoni. Munthu amene anakana tulo zaka zambiri tsopano ankatifuna, koma tulo tinamkana. Usiku wambiri ankangotembenuka pa kama ndi ululu ndi nkhawa, ndipo Mayi White ankadzuka kudzapemphera nawo kufikira atapeza mpumulo pang'ono.

Madokotala a ku Dansville analangiza kuti wodwalayo asagwire ntchito ina ili yonse, ya manja kapena ya mutu. A White anagwira uphungu umenewu mwamantha, nafika poopa ngakhale kanthu kakang'ono. Mayi White anaona kuti kungokhala kukuwapha amuna awo monga momwe kuthamanga kunawagwetsera. Mu Disembala 1866, m'nyengo ya chipale chofewa, anawatenga kupita nawo kumpoto kwa Michigan, ndipo mu 1867 anakhazikika pa munda waung'ono ku Greenville. Tsiku lili lonse ankawatulutsa panja kukayenda ndi kukalima pang'ono. Itafika nthawi yotuta udzu wa ziweto, mayiwa anapita mwachinsinsi kwa anansi nawapempha kuti amuna awo akadzapempha thandizo adzakane. A White anakhumudwa, koma poona akazi awo atagwira chida nkuyamba ntchito, nawonso anagwira. Mphamvu zinayamba kubwerera, ndipo anabwereranso pa guwa.

Pano pali theka lina la phunziro lathu. Baibulo silitamanda ulesi. Miyambo 6:9-11 ikudzudzula wokonda kugona, ndipo Mlaliki 5:12 akuti tulo ta munthu wogwira ntchito ndi tokoma. Madokotala a masiku ano amavomereza kuti kuwala kwa dzuwa m'mawa ndi ntchito yolimbitsa thupi masana ndizo zimakonzera munthu tulo tabwino usiku. Mulungu anapatsa usana ntchito yake ndi usiku ntchito yake, ndipo wosokoneza chimodzi amaononga zonse ziwiri.

Zaka Zotsiriza

Tikanakonda kunena kuti kuyambira pamenepo a White anayenda m'njira ya muyeso. Mbiri sitilola kutero. Anatumikiranso monga pulezidenti wa General Conference kuyambira 1869 mpaka 1871, ndiponso kuyambira 1874 mpaka 1880. Mu 1874 anayambitsa nyuzipepala ya Signs of the Times ku Oakland m'chigawo cha California, anathandiza kutsegula Battle Creek College, ndipo chaka chomwecho mpingo unatumiza J. N. Andrews ku Switzerland. Mu 1875 nyumba yosindikizira ya Pacific Press inakhazikitsidwa. Zipatso zimenezi tikudya mpaka lero. Koma akangopeza mphamvu pang'ono ankasenzanso mitolo ya anthu atatu, ndipo sitiroko inawagwiranso kangapo m'zaka za m'ma 1870. Ankapita ku mapiri a Colorado kukapuma, koma atanyamula zolembera.

Mtengo wake sunali wa thupi lokha. M'zaka zimenezi a White ankapsa mtima msanga, ankalankhula mawu olasa kwa antchito anzawo, ndipo zinkawavuta kukhulupirira kuti ena angagwire bwino ntchito imene iwo anaiyamba. Ngakhale m'banja mwawo munalowa mitambo. Kangapo anapepesa poyera ndi misozi, pakuti anali munthu woona mtima. Uphungu umene Yetero anapatsa Mose pa Eksodo 18:17-23 unali wowayenera: mutu umodzi susenza denga. Chakumapeto kwa moyo wawo anayamba kulankhula kwambiri za chikondi cha Kristu, nalakalaka kutula maudindo kuti alembe za Mpulumutsi. Nthawi siinawalole. Anadwala malungo, thupi lotopalo linalephera kulimbana nawo, ndipo anagona tulo ta imfa ku chipatala cha Battle Creek pa Sabata, 6 Ogasiti 1881, patangopita masiku awiri atakwanitsa zaka 60. Mayi White anatsala zaka 34, akutumikira popanda mnzawo, kufikira 1915.

Phunziro kwa Ife

Sitikuweruza mtumiki wa Mulungu ameneyu. Antchito anali ochepa, ndalama kunalibe, ndipo chikondi chake pa uthenga chinali chenicheni. Tikuwerenga mbiri yake kuti tidziyese tokha, pakuti yesero lathu ndi lalikulu kuposa lake. Iye ankalimbana ndi mdima ndi nyali ya mafuta. Babu la magetsi la Thomas Edison linaoneka mu 1879, zaka ziwiri iye asanamwalire. Ife tili ndi magetsi, wailesi yakanema, ndi foni imene imawala pankhope pathu tili pa mphasa.

Zilipo nthawi zimene chikondi chimatiitana kuchezera: pa maliro, pa matenda, kapena pamene mtima walemedwa ndipo tifuna nkhope ya Mulungu. Yesu anachezera m'pemphero asanasankhe ophunzira khumi ndi awiri (Luka 6:12), koma Yesu yemweyo anagona tulo tofa nato m'ngalawa pakati pa namondwe (Marko 4:38), ndipo anaitana ophunzira ake otopa kuti apite padera akapume. Eliya atathawa Yezebeli napempha imfa, Mulungu asanamlankhule anayamba wamlola kugona, namdyetsa, namlola kugonanso (1 Mafumu 19:5-8). Alipo pakati pathu anamwino, alonda ndi oyendetsa galimoto amene ntchito yawo ndi ya usiku. Masalmo 134 amadziwa atumiki otere. Iwowa mpingo uwachitire chifundo, ndipo a m'banja awatetezere maola awo ogona masana.

Kwa enafe funso ndi la ukapitawo ndi la chikhulupiriro. Thupi ndi kachisi wa Mzimu Woyera (1 Akorinto 6:19, 20), ndipo mwini kachisi anaika nthawi yotsekera zitseko. Mkulu wa mpingo amene amatalikitsa komiti mpaka pakati pa usiku, wophunzira amene amachezera pa mabuku mayeso akayandikira, mayi amene amagona pambuyo pa onse ndi kudzuka patsogolo pa onse popanda womuthandiza, mbusa amene sadziwa kugawira ena ntchito, tonsefe tifunika kumva Salmo 127. Tikhale ndi ora lodziwika logonera ndi lodzukira, tizimitse zowala nthawi isanathe, tidye chakudya chamadzulo chopepuka ndiponso mofulumira, ndipo titule nkhawa zathu m'pemphero la banja. Pogona timavomereza kuti ntchito ndi ya Yehova, ndi kuti Iye adzaisunga kufikira m'mawa.

Mafunso Okambirana

1. Kodi nchifukwa ninji kudziletsa pa chakudya kunali kosavuta kwa a White kusiyana ndi kudziletsa pa ntchito? Nanga kwa ife zili bwanji?

2. Werengani Eksodo 18:13-23. Ndi mitolo iti mu mpingo wanu imene yaunjikidwa pa munthu mmodzi, ndipo kalasi lanu lingasenzeko uti?

3. Timadziwa ora limene dzuwa lilowe Lachisanu likudzali. Kodi banja lanu lingachite chiyani sabata ino kuti lilemekezenso madzulo a masiku asanu ndi limodzi enawo?